Dzina landimata kuchokera ku Mangalande

Mwana wa achemwali anga, amene sukulu yamulowa mpaka m'mafupa, wandipatsa dzina. Akuti: "Amalume, inu ndinu ultracrepidarian." Ndinathokoza ndi manja awiri, poganiza kuti ndi digiri yaulemu. Liwu lopinda lilime chonchi sangapatse munthu wamba.

Liwuli ngakhale Angerezi eniake analiponya kuseri kwa nkhokwe. Limanena munthu woweruza nkhani zomupitirira msinkhu. Muzu wake ndi Chilatini: ultra ndi kupyola malire, crepida ndi nkhwayira.

Nkhwayirayo inalowamo chonchi. Pliny Wamkulu, mlembi wa ku Roma amene anafa m'chaka cha 79 phiri la Vesuvius litaphulika, analemba za Apelles, katswiri wojambula wa ku Greece m'masiku a Alexander Wamkulu. Mkuluyu ankayimika chithunzi poyera, iye n'kubisala kuseri kwake kuti amve zonena anthu. Wosoka nsapato wina podutsa anaona kuti nkhwayira ya pachithunzipo ikuperewera kalamba kamodzi. Apelles anakonza. Mawa lake bambo uja, mapewa ali m'mwamba, anayamba kunyoza mwendo. Apa Apelles anasuzumira n'kumuuza kuti maweruzo ake azithera pa nsapato.

M'chaka cha 1819, William Hazlitt anatenga nthanoyi n'kulasa nayo William Gifford, mkonzi wa magazini ya Quarterly Review, pomutcha dzina lomwe landimatali. Chowawa n'chakuti Gifford ali mnyamata anaphunziradi ntchito yosoka nsapato. Angerezi akafuna kukutukwana amayamba afufuza kumene unachokera.

Koma ine ndili kumbali ya wosoka nsapato. Tikati aliyense azilankhula zokhazo anaphunzira, m'minibasi muzimveka injini yokha. Ineyo ndisanatsike pa siteji ndimakhala nditalimbitsa kwacha, nditasankha timu ya dziko, ndiponso nditauza mayi wokhala pambali panga mankhwala a msana. Pa bawo ndimathetsa nkhondo za mayiko amene pa mapu ndingawaloze ndi chigongono. Zoti babu la kuchipinda likapsa timayitana mwana wa aneba, imeneyo ndi nkhani ya m'banja, ndipo mayi a kunyumba asamayitulutse pagulu.

Tsono chigamulo changa, monga mwini dzina, nachi: Apelles anali wamtima wapachala, ndipo mwendo uja unalidi wokhota. Chithunzicho chinatayika kalekale, koma ine ndikutsimikiza.