Njovu ya Konkire

Mphwanga amene ali ku Joni wanditumizira kanema pa WhatsApp. Ali m'sitima ya Gautrain, ndipo sitimayo ikuthamanga m'mwamba, pa mlatho wautali wa ku Centurion, magalimoto atathithikana pansi pake osasuntha. "Amalume, taonani momwe akuvutikira anthuwa!" akutero, uku akuseka. Ine pa Kamwendo pano ndinamuyankha monga malume aliyense akanayankhira: ukakwera pamsana pa njovu, usamati pansi palibe mame.

Koma mwambiwu sunamugwire mnyamatayo, chifukwa iye sanati pansi palibe mame. Amawaona bwinobwino, kuposa amene akuwaponda. Makolo ankaganiza kuti munthu akakwera amasiya kuona zapansi. Sankadziwa kuti kudzabwera njovu ya mawindo akuluakulu, yoti wokwerayo aziona mavuto a anzake, kuwajambula, n'kutumiza kumudzi.

Ndipo njovuyi anaimanga dala kuti ikhale yotero. Mumzinda wothina, njanji ili ndi njira zitatu. Ikhoza kulowa pansi pa nthaka, monga anachitira ku London mu 1863, koma kukumba kumadya ndalama zoopsa. Ikhoza kuyenda pansi ngati yathuyi, koma pamene yakumana ndi msewu popanda mlatho, wina ayenera kuima kudikira mnzake. Kapena ikhoza kukwezedwa pa zipilala, monga ku Chicago kuyambira 1892. Gautrain inatenga zonse zitatu. Pa makilomita 80 a njanji yake, pafupifupi 15 ali m'mphanga kuchokera pa Park Station kudutsa Sandton, pafupifupi 10 ali pa milatho, ndipo imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola. Ku Addis Ababa anakweza mbali zina za njanji yawo mu 2015, ku Lagos mu 2023. Akatswiri anamva mwambi uja n'kuutenga ngati pulani.

Chimene chimandiwawa n'chakuti sitima ija ikatuluka m'mphanga imaima pa Marlboro, pakhomo penipeni pa komboni ya Alexandra. Abale athu ambiri amene amasesa nyumba ndi kuthirira maluwa ku Sandton saikwera, mtengo wake ndi wa mabwana awo. Iwo amapanikizana m'matekisi. Mwambi umalangiza amene ali pamwamba. Amene njovu ikudutsa pamutu pake makolo sanamusiyire mawu alionse, mwina poganiza kuti munthu wanzeru angothawa.

Ife ndi a Gautrain ndife a chaka chimodzi. Iwo anatsegula mu June 2010, mpira wa World Cup uli pafupi kuyamba. Ife mu August chaka chomwecho, pamene Bingu wa Mutharika ndi Rupiah Banda anatsegula njanji ya Mchinji kupita ku Chipata, makilomita 27, ntchito imene inayamba mu 1982. Njanji yathu ndi yodzichepetsa. Inafika ku Mchinji kuchokera ku Lilongwe mu 1980 ikukwawa pansi, ndipo mame onse a m'boma lino imawadziwa mayina. Sitima yonyamula anthu sitikuiona, koma njanjiyo siinapite pachabe: dzinja likafika, ana a sukulu, amayi a mitolo ya nkhuni ndi mbuzi amayenda momwemo, poti miyala yake ndi yokwera ndipo mulibe matope. Tili pamsana pa njovu nafenso, kungoti timayenda tokha.

Tsono tiyerekeze kuti boma lagwa m'chifundo n'kutimangira yam'mwamba, kuchokera pa mphambano yopita ku Kapiri ndi Kasungu mpaka pa boma. Ndikulumbira, simenti isanaume pansi pake padzakhala msika. Mthunzi wautali chonchija, waulere, ndani angausiye? A chiwaya cha tchipisi adzayamba ndiwo. Kenako mavenda a mtedza ndi soya ndi masikelo awo, kenako anyamata a kabaza, aliyense ndi chipilala chake chimene adzanene kuti anachipeza yekha. Zipilalazo pofika Loweruka zidzakhala zitavala mapepala a asing'anga obweza mkazi wothawa, ndipo kumunsi kwa chilichonse kudzakhala mbuzi yomangirira. Wodula ziphaso za msika sadzachedwa.

Vuto lidzakhala kumwambako. Ife tinazolowera kuuza kondakitala kuti "nditsike pa mtengo wa mango", iye n'kumenya denga la minibasi. Pamenepo mudzatsikira pati, m'nthambi? Agogo a thumba la chimanga ndi nkhuku ziwiri adzakwezedwa ndi ndani pa masitepe? Wokwera akadzaona apongozi ake akulima pansi adzawalonjera bwanji, poti kupatsa moni akulu uli chiimire n'chipongwe kale, nanji uli pamwamba pa mutu wawo? Okhawo amene adzathe kuyang'anana maso ndi maso ndi apaulendo ndi makanja a gule wamkulu, ndipo iwowo salonjerana ndi munthu.

Nanga maliro? Pano pakagwa zovuta timaika masamba pamsewu, wapanjinga amatsika n'kumakankha, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula. Sichilamulo cha boma, ndi kungovomereza kuti chagwera mnzako chakukhudza ngakhale uli pa changu. Sitima yam'mwamba siingatsike. Idzadutsa pamwamba pa siwa pa liwiro lake lomwelo, anthu a m'katimo akusuzumira pa windo, ena atatulutsa kale mafoni. Ndikudziwa kuti komiti ya maliro idzatuma mnyamata kukwera chipilala ndi nthambi ya masamba m'kamwa, ndipo ndikudziwa kuti woyendetsa sitima, ngati ndi mwana wa kuno, adzaima. Ndandanda ya nthawi idzafa m'mwezi woyamba.

Mlandu woyamba kufika pabwalo la amfumu sudzakhala wa sitima, udzakhala wa mthunzi. M'mawa udzagwera kwa wa tchipisi, madzulo n'kusamukira kwa wometa tsitsi, onse awiri atalipira chiphaso cha tsiku lonse. Amfumu adzafunsa kuti mwini njovu ali kuti, adzauzidwa kuti ali ku Lilongwe, ndipo mlanduwo adzauimitsa kaye mpaka mwiniyo adzabwere.