Ulemu Upite kwa Mabuleki Okana

Pa msewu wa M2, kuchoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe ndi Thunga mpaka pa boma la Thyolo, palibe wantchito wofatsa kuposa mabuleki. Lole ikagudubukira m'munda wa tiyi, kapena minibasi ikagona chammbali m'ngalande, fumbi lisanakhazikike dalaivala amakhala atatchula kale wolakwa: mabuleki anakana. Ndipo mabulekiwo sanatsutsepo. Sapita kupolisi kukanena mbali yawo. Saulula kuti mafuta awo akhala akudontha kuyambira dzinja, mwini galimoto n'kumangoti tiona mwezi ukatha.

Nzeru zawo nazonso n'zozama. Munthu akakweza dzanja pambali pa msewu, ndalama ili m'manja, amagwira pomwepo mpaka okwera kugundana mitu. Pa rodibuloko amagwiranso mwaulemu. Amasankha kukana pamtsetse, galimoto itadzaza mopyola muyeso, dalaivala atachotsa giya kuti apulumutse mafuta. Amakaniko amati pamenepo injini sithandizanso kubweza liwiro, katundu yense amatsamira pa mabuleki, amatentha mpaka mafuta awo kuwira, phazi n'kungolowa pansi. Amati pa malole a mabuleki a mpweya, kuzimitsa injini potsika kumaimitsa pampu yodzaza mpweyawo. Koma amakaniko ndi anthu amiseche. Ife timadziwa kuti mabuleki anangoganiza okha.

N'chifukwa chake ndimawamvera chisoni a ku America, amene akuwononga chuma chosaneneka pofuna kupanga chinthu chomwe ife tili nacho kale: galimoto yoti uziiloza chala. Tesla inatulutsa Autopilot mu 2015. Galimoto imadzisunga mu mzere wake ndi kudzichepetsera liwiro, koma kampani imanenetsa kuti manja akhale pa chiwongolero, maso pamsewu. Mu Meyi 2016 ku Florida, imodzi inalowa pansi pa lole yomwe inkadutsa msewu, ndipo woyendetsa anafa. Mu Malichi 2018 ku Tempe, Arizona, galimoto yoyeserera ya Uber inapha mayi amene ankawoloka usiku akukankha njinga. Woyikidwa pampando kuti aziyang'anira ankayang'ana pa foni. Amene anaima m'khoti pa mlandu wa imfayo ndi iyeyo, osati kompyuta, ndipo mu 2023 anavomera kulakwa n'kupatsidwa zaka 3 zoyang'aniridwa ali kunja kwa ndende.

Mu Ogasiti 2025 khoti la ku Miami linagawa mlandu wa ngozi ina ya galimoto ya Tesla ya mu 2019: magawo awiri kwa dalaivala yemwe anawerama kutola foni, gawo limodzi kwa Tesla. Zaka khumi za ukatswiri, makina n'kungosenza gawo limodzi mwa atatu! Mabuleki athu amasenza mlandu wonse, kwaulere, ndipo amabwereranso pamsewu sabata yomweyo.

Tangoibweretsani galimoto yamakonoyo kuno m'mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba minda ya Satemwa, Conforzi ndi Makwasa. Kamera ikufuna mzere woyera, nkhungu yaumeza. Kutsogolo kuli thirakitala yokoka ngolo ya masamba kupita kufakitale, pambali amayi othyola tiyi ali ndi madengu kumsana, wakabaza wanyamula munthu ndi mkoko wa nthochi, ndipo galu sanasankhe mbali yolowera. Makina ngati a Autopilot zikawavuta chonchi amalira, n'kubwezera chiwongolero kwa munthu yemwe maganizo ake anali atapita kale ku WhatsApp. Umenewo ndi mantha. Wantchito wanji woyendetsa pamene pali posalala, pakafika povuta n'kuti bwana tengani? Mabuleki a kwathu sathawa chonchi. Amakhala pomwepo mpaka galimoto itagona, kudikira kuti atchulidwe.

Ena adzafunsa za amene anali m'galimoto yokana mabulekiyo, ndi za mwana amene ankayenda m'mphepete mwa msewu kupita kusukulu. Amenewo ali ku chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo achibale awo auzidwa kale chimene chinachitika. Pepala la COF linali pagalasi, losatha ntchito.

Pempho langa kwa a Road Traffic ndi laling'ono. Popeza mabuleki ndiwo amasankha poima ndi posaima, laisensi izilembedwa m'dzina lawo, chithunzi chawo chiikidwepo, ndipo aziitanidwa kukhoti. Bambo amene amakhala kumbuyo kwa chiwongoleroyo azilipira mtengo wa mpando ngati ena tonsefe, ndipo kondakitala asamamusiyire malo a anthu awiri.