Maso a Nkhono ndi Pampu ya Dizilo

Mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha unapekedwa ndi anthu amene anali ndi nthawi yogona chafufumimba pa udzu wa mame, ndipo kwa mibadwo yambiri wakhala ukuphunzitsa achinyamata kuti zinthu zobisika zimaonekera munthu wosapupuluma. Chiphunzitsochi n'choona, koma akuluakulu anasiya mpata wosatseka, chifukwa sananene kuti nkhonoyo ndi iti ndiponso kuti masowo afunidwe mbali iti. Nkhono ya kumtunda, imene imatuluka mvula ikagwa, ili ndi maso kunsonga kwa tinyanga take tiwiri tatitali, ndipo imatibweza m'kati ikangokhudzidwa, pamene nkhono ya m'madzi, monga ija yofalitsa likodzo m'madambo a nyanja ya Chilwa, maso ake ali patsinde pa tinyanga. Munthu wodekha amene wayang'anitsitsa kunsonga pomwe anayenera kuyang'ana patsinde akhoza kuima m'madzimo mpaka dzuwa kulowa, ndipo chimene angatengepo ndi likodzo basi.

Kuperewera kumeneku kwa mwambi kumaoneka bwino pa doko la Kachulu, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, kumene mabwato ochokera ku chilumba cha Chisi amatsitsa matemba, makumba ndi milamba, ndipo magalimoto a matola amadikirira kunyamula nsomba, mpunga ndi anthu kupita nazo ku tauni. Nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imaphwa nthawi zina, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, choncho anthu a kumeneko anaphunzira kalekale kuti nsomba ikapezeka lero siyembekeza mawa. Magalimoto awo ambiri ndi mapikiapu a dizilo okalamba kuposa makondakitala ake: Toyota Hilux ya injini ya 2L, 3L kapena 5L, Isuzu KB ya 4JA1 kapena 4JB1, ndi Nissan ya TD27. Imodzi ikakana kulira m'mawa madengu a makumba aawisi atakwezedwa kale, mwambi wa kudekha umakhala wopanda omutsatira, kupatula mmisiri amene wagona pansi pa galimotoyo.

Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba mu 1897, ilibe mapulagi oyatsira moto monga ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya m'silinda mpaka mpweyawo utatentha kwambiri, kenaka mafuta amafayidwa mu mpweya wotenthawo kudzera pa nozo, kamene ndi kampopi ka timabowo tating'ono, ndipo amayaka okha. Ntchito yoyeza mafutawo, kuwakankha mwamphamvu ndi kuwagawira masilinda anayi motsatira ndondomeko ya 1, 3, 4, 2 ndi ya pampu, imene imazungulira kamodzi pamene injini yazungulira kawiri. Chimene amakaniko amachitcha taimingi ndicho kugwirizana kwa nthawi imene pampu yayamba kutumiza mafuta ndi nthawi imene pisitoni ikuyandikira pamwamba penipeni pa ulendo wake.

Asanagwire sipanala, mmisiri ayenera kudziwa kaye nkhono imene ili patsogolo pake. Kampani ya Robert Bosch ya ku Germany inayamba kupanga mapampu a dizilo ochuluka mu 1927, ndipo oyambawo anali a mzere, okhala ndi kapisitoni kopopa kamodzi pa silinda iliyonse. Pakati pa zaka za m'ma 1970 kampaniyi inatulutsa pampu ya mtundu wa VE, imene ili ndi kapisitoni kamodzi kokha kamene kamapopa uku kakuzungulira, n'kumagawira masilinda onse. Makampani a ku Japan, Nippondenso ndi Diesel Kiki, amene pambuyo pake anadziwika kuti Denso ndi Zexel, anapanga pampu yomweyo mololezedwa ndi eni ake, ndipo zotsatira zake n'zakuti mapampu a Hilux, a Isuzu ndi a Nissan amafanana nkhope moti wogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande akhoza kulumbira ndi mtima woyera kuti zonsezo n'chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunalembedwa pa kachitsulo ka m'mbali mwa pampu, kamene pa msewu wa ku Kachulu kamakhala katakwiririka ndi fumbi losakanikirana ndi oyilo. Kakapukutidwa pakaoneka, mwachitsanzo, VE4/10F2100R, ndiye kuti pampuyo ndi ya masilinda 4, kapisitoni kake n'kotambalala mamilimita 10, liwiro lake limalamulidwa ndi zitsulo zimene zimatambasuka zikamazungulira, inayezedwa pa maulendo 2100 pa mphindi, ndipo imazungulira chakumanja. Chilembo chomalizacho n'chaching'ono koma sichikhululuka, pakuti pampu yozungulira chakumanzere ikamangidwa pa injini yofuna ya kumanja, ngakhale mmisiri atadekha chotani galimotoyo idzafika ku Zomba mochita kukokedwa.

Pampu ikadziwika, kudekha kumayamba kugwira ntchito. Mmisiri amazungulitsa injini ndi sipanala mpaka zizindikiro za pa mapule zitalunjikana ndi za pa injini, zimene zimasonyeza kuti pisitoni yoyamba ili pamwamba. Kenaka amamasula kabauti kamene kali kumbuyo kwa pampu, pakati pa mapaipi anayi opita ku manozo, ndipo pabowopo amalowetsapo geji ya muvi yowerenga magawo 100 a milimita imodzi. Amabweza injini m'mbuyo madigiri pafupifupi 30 mpaka muviwo utaleka kusuntha, amauika pa ziro, n'kuyendetsanso injini kutsogolo pang'onopang'ono kufikira chizindikiro cha pamwamba chija. Nambala imene muvi waloza ndiyo mtunda umene kapisitoni kayenda, ndipo pa injini zambiri za mtunduwu mtundawo uli pafupi ndi milimita imodzi kapena kucheperapo, malinga ndi zimene buku la injiniyo lanena. Ikaperewera kapena ikapitirira, amamasula manati ogwira pampu ndi a mapaipi, n'kupendeketsa pampu yonse pang'ono: akaipendeketsa motsutsana ndi mmene imazungulirira mafuta amafulumira, ndipo akaitsatiza amachedwa. Akamanga manati amayezanso, chifukwa nati ikamalimba imakoka pampu n'kusokoneza zonse zimene anakonza, ndipo apa ndi pamene dalaivala, amene wakhala akuyang'ana madengu ndi dzuwa mosinthanasinthana, amafunsa mwaulemu wokakamiza kuti, "Amisiri, kodi simungangoiyerekeza ndi khutu?"

Kuyerekeza ndi khutu ndi sukulu ina ya maphunziro, ndipo ili ndi akatswiri ake enieni amene sayenera kunyozedwa. Iwo amadziwa kuti mafuta akafulumira injini imati kho kho kho mwaukali, utsi umada, ndipo polira imakhala ngati ikufuna kubwerera m'mbuyo. Akachedwa, injini imalira mofatsa mokopa mtima koma ilibe mphamvu, imavuta kudzuka m'mawa wa June, imatulutsa utsi woyera woyabwa m'maso, ndipo imatentha ikanyamula katundu. Vuto la sukuluyi n'lakuti aliyense wokhala ndi makutu awiri amadziyesa kuti anaimaliza. Pa doko, galimoto ikatsegulidwa boneti, pamasonkhana asodzi, ogula nsomba ndi oyendetsa njinga za kabaza, ndipo aliyense amapereka chigamulo chake, wina batire, wina sefa, wina nsanje ya eni magalimoto anzake. Chigamulo cha nsanjecho chimalandiridwa msanga chifukwa sichifuna geji.

Nthawi zambiri pampu imaimbidwa mlandu umene siinapalamule. Pa injini za Toyota za mtundu wa L pampu imayendetsedwa ndi lamba wa mano, ndipo lambayo akadumpha dzino limodzi, kapena akavekedwa molakwika, kupendeketsa pampu sikungabweze nthawi yotayikayo. Komanso pampu ya VE ilibe oyilo wakewake, imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisadyane, choncho mafuta a m'zigubu amene alowa madzi kapena awonjezeredwa palafini, monga zimachitikira mafuta akasowa m'dziko muno ngati mu 2011 ndi 2012, amaiperesa m'kati mwakachetechete. Pampu yoperepeseka chotere ikhoza kuikidwa pa nambala yeniyeni ya m'buku n'kumakanabe kulira injini ikatentha. Magalimoto atsopano, monga Hilux ya D-4D imene inafala kuyambira 2005, anachotseratu mkangano wonsewu, pakuti nthawi yofayira mafuta imalamulidwa ndi kompyuta, ndipo mmisiri wa pansi pa mtengo amangogwedeza mutu n'kuloza njira ya ku tauni.

Chimene mwambi sunachikhudze n'komwe ndi nkhani ya malipiro. Mwini galimoto amene waona mmisiri akutulutsa giyabokosi, thukuta lili kamukamu, amalipira mosanyinyirika chifukwa ntchitoyo waiona ndi maso, koma akaona kuti munthu wakhala maola awiri akuyang'anitsitsa kamuvi, kenaka wasuntha pampu mtunda wosaposa kukhuthala kwa chikhadabo, amamva ngati akuberedwa masanasana, ngakhale galimoto italira pa kiyi woyamba ndi utsi wosaoneka. Amanena kuti mwina ikanadzuka yokha, kapena kuti chathandiza ndi pemphero la amayi amene ali ndi madengu atatu kumbuyo. N'chifukwa chake amisiri ochenjera, akamaliza kuyeza ndi kumanga manati, salengeza msanga kuti ntchito yatha, koma amayamba adzipaka oyilo wakuda mpaka m'zigongono, amagogoda ndi hamala pa chitsulo china chimene sichikudwala, n'kuitanitsa madzi akumwa mokweza mawu, kenaka ndi pamene amauza dalaivala kuti ayese kuliza.