Nkhalamba za ku Swartkop zavina tchopa

Achimwene,

Ndikulemba kalatayi m'makutu mukadali kulira. Loweruka abwana ananditenga kuti ndikawanyamulire mipando ndi zakumwa ku Swartkop, bwalo la ndege za asilikali lomwe lili pafupi ndi kuno ku Centurion. Bwalolo n'la mu 1921, ndipo ndi komwe amasungirako ndege zopuma pantchito. Tsono pali tsiku limene amazitulutsa kuti zivine, anthu n'kumalipira pageti. Ndalama yeniyeni, achimwene, kulipira kuti ukaone nkhalamba zikutsokomola!

Ganizirani madala aja a tchopa pa Chonde tsiku la Mulhako, amene amafika atagwiriziridwa uku ndi uku, koma ng'oma ikangolira ndodo amataya. Ndi omwewo ndawapeza kuno, kungoti awa ali ndi mapiko. Mkulu wa gule ndi ndege ina yotchedwa Harvard. Kuti idzuke, anyamata amayamba aizungulira, kuisisita, kupukusa chopemerera chake cha kumphuno pang'onopang'ono ngati akuwongola bondo la agogo. Kenako khoso! khoso! utsi uli tolotolo, kuchita ngati mdala wakoka chingambwe chosauma. Ine mumtima ndinati basi, lero tigona pamaliro. Koma itangonyamuka, mayo ine! Kulira kwake kong'amba m'mutu. Mzungu wina wa imvi amene tinayandikana naye anandiuza kuti nsonga za chopemereracho zimathamanga kuposa liwu lenilenilo, n'chifukwa chake imakalipa choncho. Asilikali akuno anaphunzirira kuuluka pa ndege imeneyi kuyambira nkhondo ya Hitler mpaka 1995. Zaka zoposa 50 pantchito imodzi, penshoni yake n'kumakagubuduzika chagada m'mitambo.

Panalinso gogo wina dzina lake Vampire, wa michira iwiri ngati wovina amene wamanga zikopa ziwiri m'chiuno. Ndi jeti, koma mbali ina ya thupi lake n'njamatabwa. Kalipentala wa pa Chitakale akhoza kuigamba bwinobwino.

Chondidabwitsa n'chakuti anthu akuno sadziwa kuonerera gule. Azibambo a mimba zawo angoti kukamwa yasa, soseji ikupserera pamoto, ena misozi ili mbwembwembwe, koma woimba nthungululu palibe, wofupa palibe. Nkhalamba yavina mpaka thukuta la oyilo, iwo n'kungoijambula pa foni. Ndinatsala pang'ono kudumpha mpanda kuti ndikaipatse kenakake pamphumi, koma msilikali wa pamenepo nkhope yake sinali ya masewera.

Kenako ndinaona Dakota, chindege chokhalira mchira, mphuno ili m'mwamba. Dzinalo linandibaya. Si ija ankaitchula agogo aamuna? Ya Wenela, imene inkatenga anthu pa Chileka kukawatula ku Francistown kuti akakwere sitima ya kumigodi. Ife tinkaseka, kumati munthu wosainira ndi chala angakwere ndege. Ndinayandikira mpaka kuona timisomali tomangira malata ake ndi timawindo tija ankati ankasuzumirapo kufunafuna phiri la Mulanje. Sankanama ayi.

Ankanenanso za April 1974, pamene ndege ina ya Wenela, yaikulu ya mainjini anayi, inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Kamuzu anapsa mtima n'kutseka Wenela. Koma anthu ajatu anali ndi nambala, maina awo anali m'buku, wina akafa uthenga unkafika kwa amfumu. Ife timadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, masiku a m'pasipoti n'kutha, basi sukuwerengedwanso paliponse. Sabata yatha tinasonkherana za mnyamata wina wa kwa Mabuka amene anamwalira ku Tembisa. Kumupeza kokha kumochale kunali ntchito, ndipo wabwerera kumudzi m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi mafiriji a anthu. Sindikanatha kukana kusonkha, achimwene. Mawa ndi ine.

Ndiye ndalama ya malata ija yaperewera. Muwauze amayi mwanzeru kuti ichedwa mpaka kutha kwa mwezi, koma za malirozi musatchule, angayambe kusagona. Ndikudziwa kuti chigwereni khoma lija ndi namondwe wa Freddy, amayi akugonabe m'khitchini, ndipo Juni akubwera ndi chiperoni chake. Bulangete ndapatsira wa transipoti pamodzi ndi kalatayi. Fizi ya ana ndiyesetsa, ngakhale abwana ayamba kunena zoti ndizibwera masiku atatu okha pa sabata.

Mufunse mtengo wa malata pa Limbuli ndi pa Chitakale pomwe, mundiuze pa WhatsApp. Alamu asadziwe tsiku limene ndalamayo ifike.

Ndine mng'ono wanu,
ku Joni