Alamu, za gitala mwanditumayo

Alamu anga,

Ine kuno ndadzuka bwino, kungoti chisanu cha ku Joni chikulowa mpaka m'mafupa. Kaya inu, achemwali ndi ana ku Balaka kumeneko? Ndalama ya fizi ija ndatumiza pa Mukuru m'dzina la achemwali, osati lanu, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa nokha.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvetsera wonse, pamodzi ndi tambala amene amakuthandizani kuyankhula kumbuyoko. Mwati bandi ya kutchalitchi ikufuna gitala ya magetsi, koma isakhale ya masewera: ikhale Gibson kapena Fender yakale, orijino, poti zinthu zakale n'zolimba. Mwatumizanso chithunzi cha Les Paul ya 1959 chimene mwatola pa Facebook, n'kunena kuti komiti yasonkha K300,000, chenji ndimwere Fanta. Alamu, pezani mpando kaye.

Paja shopu ndikugwirayi ndi ya zoimbira. Ntchito yanga ndi kusesa, kunyamula masipika, ndi kugwirira gitala pamene bwana wokonza akumanga masikuluwu. Mkuluyu ndi wa imvi, sayankhulayankhula, koma ukamufunsa za gitala tiyi amazizira. Zimene ndikulembazi ndazimva kwa iyeyo, zina ndaona ndi maso angawa.

Les Paul yeniyeni ya 1959 inapangidwa ku Kalamazoo, ku America. Za mtundu umenewo a Gibson anazipanga kuyambira 1958 mpaka 1960 basi, pafupifupi 1,700 zonse pamodzi, n'kuzisiya chifukwa malonda sankayenda. Anyamata a ku England monga Eric Clapton atayamba kuziliza m'ma 1960, aliyense anazifuna, fakitale itazileka kale. Mu January 2024, ya Mark Knopfler wa gulu la Dire Straits inagulitsidwa ku London pa mapaundi 693,000. Musayese kuwerengetsa mu kwacha, foni yanu ingatenthe. Nanga yanu ya pa Facebook ija, imene mwini wake akuti mtengo tikambirana? Chaka chomwecho cha 2024, a kasitomu ku doko la Los Angeles anagwira magitala abodza oposa 3,000 olembedwa Gibson. Yanuyo ndi mbale wawo amene anapulumuka.

Chondiseketsa ine ndi mbiri ya Fender. Leo Fender anali wokonza mawailesi, gitala sankadziwa n'kuimba komwe. Stratocaster imene anatulutsa mu 1954 anaikonza dala kuti izipangika msanga m'fakitale: thabwa lodula pamakina, khosi lomanga ndi masikuluwu anayi, likapindika umasula n'kuikapo lina. Mu 1965 anagulitsa kampaniyo kwa CBS pa madola 13 miliyoni, ndipo mpaka lero zopangidwa malondawo asanachitike ndizo zimadula koposa. Ndiye kuti chimene akuchitcha vintage lerochi, n'kumachigwira ndi magulovu, nthawi ya agogo chinali katundu wamba wa m'shopu. Chalemera chifukwa chokalamba osathyoka.

Mwezi watha kunabwera bambo wina wa ku Benoni atanyamula Stratocaster ya 1963 ya malemu bambo ake, akumwetulira, mano onse panja. Bwana wanga sanailize n'komwe. Anaigoneka pathaulo, n'kumasula khosi kuti aone deti lodinda kutsinde kwake. Anatsegula chivundikiro choyera chija, n'kuwerenga timanambala ta pa zokwezera mawu, n'kuyang'anitsitsa mtovu wa pa mawaya kuti aone ngati wina anawotchererapo. Zonse zinali bwino. Kenaka anathimitsa magetsi n'kuunika penti ndi katochi kake ka buluu. Anangoti, "Eish." Malemuwo, pokhala munthu waukhondo, anali ataipala gitalayo n'kuipaka penti yatsopano yofiira, yowala bwino kwabasi. Mtengo unatsika pafupifupi ndi theka pomwepo, chonsecho kulira ikulira chimodzimodzi. Bambo uja anapempha madzi akumwa, ndipo ndikukayika ngati chaka chino apita kumanda ndi maluwa. Ine ndinakumbuka inu, alamu, amene Khirisimasi iliyonse mumapaka penti ya oilo chilichonse chosathawa: chitseko, njinga, wailesi, mpaka mpini wa khasu.

Komatu lamulo limeneli limagwira ife osatchuka. Stratocaster yakuda ya David Gilmour wa Pink Floyd inasinthidwa khosi kangapo, inabooledwa, mapikapu (tizitsulo totola mawu a nsambo) anasinthidwa, koma mu 2019 wina anaigula pa madola 3,975,000. Ndalama zonsezo zinapita pa thukuta la mwini wake. Inu thukuta muli nalo lambiri, ndinaona pa ukwati wa kwa amalume uja, koma pamsika silinafike.

Pambuyo pa zakalezo, gulu lachiwiri la magitala ndi zija amati boutique, zopangidwa ndi amisiri ngati John Suhr kapena Tom Anderson ku California, amene amatulutsa zochepa, thabwa lochita kusankha, tizitsulo ta pakhosi tosalazidwa kamodzikamodzi. Pano ndisaname, n'zokoma. Ukayendetsa dzanja pakhosi palibe chokukanda. Ukaichuna m'mawa, madzulo uipeza ili pomwepo. Mawu ake oyera, ngakhale ine wosesa ndikakhudza nsambo imodzi ndimadziona ngati Paul Banda. Koma imene yapachikidwa m'galasi kunoyi, mtengo wake ndi malipiro anga a chaka chathunthu, osadya, osalipira lendi. Ndipo ukangotuluka nayo pakhomo, mtengo wayamba kale kutsika, chifukwa wogula wachiwiri amafuna dzina limene apongozi ake akulidziwa. Ogula ake ambiri ndi madokotala ndi maloya. Amabwera Loweruka atavala kabudula, n'kuliza makiyi atatu omwewo, n'kufunsa kuti thabwali linamera phiri liti.

Pali misala ina imene mukaimva mudziti ndikukunamizani. Kuyambira 1995 a Fender amagulitsa magitala atsopano okalambitsidwa dala, amati relic. Mmisiri amatenga gitala yoti yangotuluka kumene, n'kuikanda, n'kuipala penti pamene chigongono chimakhudza, n'kuchititsa dzimbiri masikuluwu, kenaka mtengo n'kukwera. A Gibson nawo ali ndi chipinda chawo cha ntchito yomweyo. Zili ngati kugula njinga yatsopano ya kabaza, n'kulipira munthu wina kuti aipinde madigadi ndi kung'amba chishalo, kuti makasitomala aziti ameneyu ndi katswiri wakale. Bambo wa ku Benoni analuza chifukwa gitala yake yakale inkaoneka yatsopano. Dokotala akulipira zambiri kuti yake yatsopano ioneke yakale. Anthu awiriwa anakhalapo pabenchi imodzi, koma sanapatsane moni.

Tsopano zathu, za fakitale. A Fender anayamba kupanga Squier mu 1982, ndipo masiku ano zambiri zimachokera ku Indonesia ndi ku China. Epiphone ndi ya a Gibson, fakitale yake ili ku Qingdao. Kampani ya Cort imapanga magitala a mayina ena angapo m'fakitale mwake ku Indonesia, kotero anthu ena amakangana kuti yanga yaposa yako, pamene zonse zinabadwa m'chipinda chimodzi. Thabwa limadulidwa ndi makina oyendera kompyuta, ndipo makinawo sadziwa kuti iyi ndi ya olemera, iyi ya ku Balaka. Amakabera pa tinthu ting'onoting'ono: zochunira zolobodoka, pobayira chingwe pogwedera, tizitsulo ta pakhosi tokanda chala. Zimenezo bwana wanga amazikonza masana amodzi, nsambo n'kuzitsitsa kuti zisamapweteke, ndipo gitala imasanduka ina.

Kuli mnyamata wina wa ku Congo amene amaimba m'matchalitchi a ku Yeoville. Amabwera kudzagula nsambo imodzi, yopyapyala ija, poti ndiyo imaduka. Tsiku lina podikira chenji anatsitsa Squier yotchipa pakhoma n'kuyamba sebene. Alamu, wa pakauntala anasiya kuwerenga ndalama, ine tsache linayamba kuvina lokha, mlonda wa pakhomo anasiya chitseko chili pululu. Dokotala wina amene ankayesa ya m'galasi ija anafunsa mwaulemu kuti gitala imeneyo ndi ya chaka chanji. Anamuyankha kuti ya chaka chino, katoni yake ili kuseri.

Ndiye nayi nkhani. Ndaona Yamaha Pacifica yogwiritsapo kale ntchito, khosi lowongoka, pa mtengo woti ndikawonjezera pa K300,000 yanuyo sindigona ndi njala. Ndaisankha dala chifukwa ili ndi pikapu yonenepa, ya mapasa, kumunsi kwake, imene imachepetsa kulira kwa njuchi kuja. Mukudziwa nokha mmene jenereta ya kutchalitchi imalowerera m'masipika abusa akamapemphera. Ndalama imene mukanataya pa dzina, isungeni ya ampu. Gitala yabwino pa ampu yong'ambika imamveka ngati yoipa, ndipo ampuyo musalole wina akubweretsereni ya ku America: kumeneko magetsi ndi mavoti 120, kwathu 230, mudzangomva fungo. Ya kuno imagwira, kungoti pulagi ya ku Joni ndi ya mano obulungira, muidule n'kuikapo yathu ya mano a makona. Achite zimenezo ndi munthu wodziwa magetsi, osati mnyamata wa kiyibodi wa m'bandi mwanu uja.

Ndiipereka kwa wa transipoti amene anyamuke ku Park Station kumapeto kwa mwezi. Poti njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza katundu amakhalidwa ndi anthu, ndimasula khosi n'kulikulunga m'bulangete palokha. Ikafika musalire kuti yathyoka. Masikuluwu anayi ali m'sokosi, sokosiyo ili m'thumba la shuga. Mubwezere khosi pamalo pake, kachitsulo ka makona anayi kumbuyo, n'kumanga pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Misomali ayi. Guluu ayi. Nsambo ndaikamo mapaketi atatu, mukamaliza kuimba muzizipukuta ndi kansalu kouma, chifukwa kutentha kwa ku Balaka ndi thukuta lanu lija zikakumana, sabata ziwiri sizitha dzimbiri lisanagwire. Bulangetelo ndi la achemwali.

Wa transipotiyo pobwerera mumupatsire usipa, nsinjiro ndi mpunga wa Kilombero, ndipo komiti idziwe kuti chenji cha Fanta chija sichinapezeke, m'malo mwake pali ngongole. Sindikuumiriza, koma tsiku loyamba kuiliza m'tchalitchi dzina langa litchulidwe pa zolengeza, kawiri, mokweza, amayi a mnyamata wa kiyibodi uja ali pomwepo.

Moni kwa onse.

Ine mlamu wanu,
wa ku Joni