Mwana amene ndinamubereka ndi bolopeni

Ine wa ku Angónia, wokulira nsima ya mgaiwa, sindinkaona chifukwa choti munthu azindiphunzitsa za miyambo ya anthu akumudzi. Ndinapita ku Brazil kukaphunzira udokotala kudzera mu ndondomeko ya PEC-G. Aphunzitsi akamafotokoza za lamulo la mu 1999 limene linapatsa eni nthaka a dzikolo chisamaliro chawochawo cha zaumoyo, ndi zigawo zake 34, ine ndinkawodzera. Mumtima ndinkati aphunzire anzangawa obadwira m'tauni, ine sing'anga ndinamudziwa ndikadali kumsana kwa amayi.

Tsono anatitumiza ku Xingu, dera limene boma linapatulira mitundu ya kumeneko mu 1961. Ntchito yanga inali yosavuta: kulemba mayina a ana pa tsiku la katemera. M'mawa kunabwera mayi wina ndi kamnyamata. Anatchula dzina, ndinalemba, kanabayidwa, kanalira. Masana ndinapeza mwamuna wake akusema muvi, ndipo ndinamufunsa mayina a ana ake kuti nditsimikize. Anatchula dzina limene m'kaundula mwanga munalibe.

Mtima unagunda ndi chimwemwe. Ndagwira mwana wozemba katemera! Ndinamuwerengera dzina la m'mawa lija kuti alibwereze. Bamboyo anangoti zii, maso pansi. Ndinabwereza mokweza m'Chipwitikizi, koma osayankha. Apo ndinatulutsa kachipangizo kounikira m'makutu n'kumusuzumira khutu lakumanja, kenako lakumanzere. Munali mbee.

Ndinathamangira pa wailesi kukadziwitsa akuchipatala chaching'ono kuti mwana mmodzi sakupezeka. Kenako ndinayamba kulowa nyumba ndi nyumba, zija zazikulu zofolera udzu mpaka pansi, thukuta lili kamukamu. Kamnyamata ka m'mawa kaja kankanditsatira pambuyo kakudya mkate wa chinangwa, kenako n'kundithandiza kunyamula bokosi la katemera.

Dzuwa litapendeka, wazaumoyo wa m'mudzimo anandiimitsa. "Adokotala, kodi mukufuna yani?" Ndinatchula dzinalo. Iye anangoloza wondinyamulira bokosi uja, thonje likadali pamkono.

Kumeneko mwana amalandira mayina a agogo a mbali zonse ziwiri. Mkamwini satchula dzina la apongozi ake, choncho bambo amaitana mwana ndi dzina la kwawo, mayi nayenso ndi la kwawo. Ine ndinkakakamiza munthu wamkulu kutchula apongozi ake pagulu, atakana n'kumuyesa gonthi. Chondiwawa n'chakuti bambo anga ondibereka ankapatukira m'tchire akakumana ndi agogo aakazi panjira, ndipo palibe anawaunikapo m'makutu.

Namwino amene ndinkagwira naye ntchito sanandikalipire. Anangondipatsanso wailesi ija kuti ndilengeze ndekha kuti mwana wapezeka, ndifotokozenso kumene anali. Midzi yonse yoyandikana nayo inamva.