Ine ndi a Loti

Chizungu changa n'cha pa JC, chinathera panjira ngati minibasi yotha mafuta. Komabe ndimalimba nacho mtima, ndipo kumudzi kukabwera mlendo wosamva Chichewa amathamangira ine. Pali liwu limodzi lokha limene landiyalutsa kambirimbiri. N'lalifupi, zilembo zitatu basi: lot.

Tinakumana chaka chimene ndinalembedwa umesenjala pa ofesi ina mumzinda wa Blantyre. Bwana anali mzungu wa ku Britain, wamtali ngati bulugamu. Tsiku loyamba nditawaikira tiyi patebulo anati, "Thanks a lot." Ndinacheuka kuti ndiwaone a Loti akuthokozedwawo. Kumbuyo kwanga kunali kabati basi. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti mesenjala amene ndinamulowa m'malo ndiye anali a Loti, ndipo bwanawa nkhope zathu sazisiyanitsa. Koma ulemu wokha ndinawayamikira: munthu wabwera dzana lomweli, wadziwa kale kuti wamkulu sumutchula dzina popanda "a" kutsogolo. Dzinalo ndinalivomera sabata zitatu zathunthu. Ntchito inali yosowa, komanso Loti wa m'buku la Genesis sanali munthu woipa. Amene anacheuka n'kusanduka mchere ndi mkazi wake. Ine ndinali nditacheuka kawiri konse osasanduka kanthu.

Anandimasula ndi mayi wina wotaipa makalata. Ataseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango, anati, "Achimwene, a lot ndiye kuti zambiri. Akuti zikomo kwambiri."

Ndinayenda mapewa ali m'mwamba mpaka tsiku limene ndinakhuthulira tiyi pamapepala a malipiro. Bwana anafiira ngati tomato wa pa Lizulu, n'kuluma mano: "Well, thanks a lot!" Ine ndinamwetulira, kuwerama pang'ono, n'kuwayankha kuti asadandaule, ndi ntchito yanga. Sindinadziwe kuti zikomo yemweyo, akamukoka mchira, amasanduka mwano.

Pofuna kukonza zinthu ndinalemba kalata yopepesa. Inu mukudziwa kuti lilime lathu silisankha pakati pa l ndi r, ndipo kwathu palibe amakukoka khutu chifukwa cha zimenezo. Ndiye ndinatseka kalata ndi mawu akuti "I respect you a rot." Rot ndi kuwola. Ndinawauza bwana, polemba ndi kusaina, kuti ulemu wanga pa iwo ngowola. Kalatayo anaimata pakhoma, ndipo mlendo aliyense ankayamba waiwerenga asanakhale pansi.

Izi n'zazing'ono, sizinandidyere ndalama. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi okushoni. Ndinaona munyuzipepala kuti kampani ina ikugulitsa katundu wakale, ndipo mndandanda unali Lot 1, Lot 2, mpaka mmunsi. Ndinawerengera ngati munthu wopita kusukulu: ngati lot ndi zambiri, ndiye kuti Lot 12 ndi zambiri kakhumi n'kawiri. Ndinanyengerera mayi a kunyumba kuti andikongolere ku banki m'khonde, ndinalemberatu anyamata awiri onyamula, ndipo ndinafika mochedwa, nthawi yoyendera katundu itatha. Atangotchula 12 ndinakweza dzanja. Wina akakweza, ine ndikweza kuposa. Nyundo itagunda, anandikokera wilibala imodzi yopanda tayala. Lot 13 inali mipando 40, ndipo inapita kwa bambo amene anaima pambali panga, amene ankangondiyang'ana mwachisoni nthawi yonseyi. Kumeneko lot ndi chilichonse chogulitsidwa pamtengo umodzi, kaya ndi singano, kaya ndi magalimoto khumi.

Anyamata aja ndinawalipira osanyamula kanthu, poti manyazi anandigwira. Wilibala ndinaisenza ndekha pamutu kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Ndirande. Mayi a kunyumba anaizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Abambo, zambiri zija n'zimenezi?"

Lero anabzalamo mpiru.

Mwezi wathawu liwuli linanditsatira mpaka kuchipinda. Pabokosi la mankhwala a malungo, pafupi ndi tsiku lothera mphamvu, panalembedwa LOT ndi manambala. Mayi atafunsa, ndinawauza modzidalira kuti akutanthauza kuti mankhwalawa ali ndi mphamvu zambiri. Mwana wathu wa Fomu 3 anatsokomola. Akuti imeneyo ndi nambala ya gulu la mankhwala opangidwa nthawi imodzi, kuti ngati papezeka vuto opanga adziwe oti awachotse pamsika.

"Ababa, takhalani pansi ndikulongosolereni," anatero, foni ili m'manja. Fizi ndimalipira ine, koma ndinakhala.

Akuti zaka zoposa 1,000 zapitazo Angerezi ankati hlot, ndipo kanali kamtengo kapena kamwala kochitira maere, monga maere amene anagwera Yona m'chombo, kapena Matiya polowa m'malo mwa Yudasi. Kenako liwulo linayamba kutanthauza chimene chakugwera pamaerepo, gawo lako. Malo akagawidwa, chigawo chako ndi lot, n'chifukwa chake ku America poimika magalimoto amati parking lot pamene ku Britain amati car park. Kuchoka apo linasanduka mulu wa katundu, ngati wa ku okushoni uja. Tanthauzo la zambiri, limene ine ndinalikongolera ndalama, linabwera m'zaka za m'ma 1800. Ndi mzime m'banjamo. Ndinakumbukanso kuti bwana akatikalipira tonse ankati "you lot," ndipo ine ndinkayesa akutiyamikira kuti tilipo ambiri.

Ndinati Azungu ndi aulesi, kuthira zonse mumphika umodzi. Ife tili ndi khwimbi, chinamtindi, miyandamiyanda, mbwee, lililonse ndi ntchito yake. Mwana anandifunsa kuti nanga "pang'ono" wanga amatanthauza chiyani, poti "dikirani pang'ono" wa kwa eni nyumba watha miyezi iwiri, ndipo "ndalawa pang'ono" wa Loweruka anandibweretsa anthu atandigwira m'khwapa. Ndinamutuma madzi akumwa.

Mlamu wanga wa ku Johannesburg ndiye wawonjezera chisokonezo. Anaimba kuti mnzake wa ku Lesotho wamubweza ngongole ndi maloti 200. Imeneyo ndi ndalama ya kwawoko, loti imodzi ndi yofanana ndi randi imodzi, ndipo dzinalo lachokera ku mapiri a m'dzikomo. Ndi Chizungu palibe chibale. Wachibale weniweni wa lot ndi Lotto, amene mlamuyo wakhala akumudyetsa ndalama kuyambira pamene Lottoyo anayamba ku South Africa mu 2000. Manambala amawatenga kutulo. Ine ndimati Lotto ndi loto lathu lomweli, anangoonjezera t mmodzi. Mwana akukana, foni ikukananso, koma onsewo sanamuone mlamu akudzuka pakati pa usiku kufunafuna cholembera.

Ngongole ya ku banki m'khonde inatha, koma nkhani yake mayi sanaimalize. Choncho owerenga amene akufuna wilibala yopanda tayala andipeze ku Ndirande. Ndaiika pa Lot 500, ndipo mpiru ndi basera.